Khadi Lofiira Pakati pa Khoma

Narelle Pappas atakwera masitepe a ofesi m'mawa wa Lachisanu, anapeza Tevita atagwada pansi, akutola makadi ngati munthu amene watayitsa mpunga.

"Wachita chiyani iwe?"

"Si ine ayi, ndi dzuwa," anatero Tevita, osatembenuka n'komwe. "Phula lomatira lija lasungunuka lonse. Ndapeza filimu yathu ili mbwee pansi."

Kunja kunali kutatentha masiku atatu, mphepo yakumpoto ikuwomba ngati yochokera mu uvuni, ndipo kaofesi kawo ka pamwamba pa shopu ya matayala ku Footscray, mumzinda wa Melbourne, kanalibe choziziritsira. Pakhoma paja pankakhala makadi makumi anayi m'mizere inayi, khadi lililonse chochitika chimodzi cha mufilimu. Narelle, amene analemba nkhaniyo, anali atakhala ndi khomalo zaka zitatu, moti sanaonepo chifukwa cholemba manambala pamakadiwo. Tevita Fonua, woti adzatsogolere kujambula, analowa chaka chatha. Makadiwo ankawadziwa mmene mlamu amadziwira ana a m'nyumba: nkhope inde, koma kuti wamkulu ndani, kaya.

Vuto linalipo kale dzuwa lisanawonjezepo lake. Filimuyo inali yonena za m'tsogolo, mumzinda mmene apolisi ali ndi makina owerenga zimene munthu akukumbukira. Wapolisi wamkazi, Sabine, akufufuza imfa ya amene anapanga makinawo, ndipo kumapeto kwenikweni amazindikira kuti wakupha ndi Doyle, mnzake woyenda naye galimoto imodzi. Chochitika chimenechi Narelle anachilemba ndi inki yofiira, chokhacho pakhoma lonse, poti ankachinyadira koopsa. Koma Lolemba azisudzo atakhala patebulo kuwerenga seweroli mokweza, sanafike n'patsamba 30 pomwe, wina anati, "Ndi Doyle ameneyu, eti?" Onse anaseka. Ola lotsalalo anangowerenga mwa bola tithane nazo.

Glenys Horvat, mwini filimu, sanaseke nawo. Anati abweranso Lachisanu teni koloko, ndipo akadzapeza khoma lili chimodzimodzi, aitana Craig, mlembi wina wa ku Sydney, adzalembe seweroli mwatsopano. Narelle anali ndi zaka 52. Makumi awiri mwa izo anathera kulembera ena masewero a pa TV, dzina lake likudutsa m'tizilembo tating'ono anthu atanyamuka kale kukatereka tiyi. Iyi inali filimu yake yoyamba, ndipo inatsala pang'ono kukhala ya wina. Masiku anayi anayesa kumubisa Doyle. Anamupatsa mwana wodwala, anamupatsa nthabwala, anabweretsa munthu winanso wokayikitsa, koma Doyle ankanunkhabe. M'mawa umenewo anabwera chimanjamanja, ali ndi mantha.

Anatsika kukagula khofi kuti mtima ukhale pansi. Pobwera anapeza Tevita atamaliza kumata, akudzikupiza ndi envelopu monyadira. Narelle anayang'ana khoma, ndipo kapu inatsala pang'ono kumupulumuka.

"Tevita, khadi lofiira likutani pamenepo?"

"Pakatipo? Si pake pamenepo?" Tevita anakanda mutu. "Umanena wekha kuti pakati pa filimu payenera kugwa chinthu chotembenuza nkhani. Ndaona lofiira, ndati basi ndi limeneli."

"Chaka chathunthu! Chaka chathunthu ukukhala pamaso pa khomali ukudya mapayi, osadziwa kuti filimu yako imatha bwanji?"

"Kutha ndikudziwa, aise. Makadiwa ndi amene amafanana."

Narelle anatambasula dzanja kuti alimatule, koma masitepe analira. Glenys anali ndi chizolowezi choipa chofika nthawi isanakwane. Analowa, magalasi a dzuwa ali pamutu, anati moni wa pakamwa chabe, n'kulunjika kukhoma. Anawerenga mzere woyamba, anawerenga wachiwiri, kenako anaima.

"Mwasintha," anatero. "Ndiye Sabine akudziwa pakati pa filimu kuti wakupha ndi Doyle? Nanga ola lotsalalo anthu azionera chiyani, Narelle? Mayina a ojambula?"

Narelle anatsegula pakamwa kuti anene kuti kwangotentha, makadi anagwa. Maso ake anagwera pa khadi lotsatira, loyamba mumzere wachitatu, limene analemba kalekale: Sabine ndi Doyle akudya m'galimoto. Chinali chochitika chopumulira, anthu awiri kutafuna n'kumacheza za ana. Analiwerenganso, lofiira lija lili kumbuyo kwake, ndipo anaona kuti chopumulira chija chasanduka choopsa.

"Azionera mkazi akudya ndi munthu amene akudziwa kuti ndi wakupha," anatero pang'onopang'ono. "Doyle akumupatsa tchipisi, iye akulandira. Akuseka nthabwala zake. Mfuti ya Doyle ili apa, pakati pa mipando."

Glenys anatsitsa chikwama paphewa. "Bwanji osangomugwira?"

"Umboni alibe. Zonse zili m'mutu mwake mokha." Narelle anathamangira kumzere woyamba, chala chikusakasaka, mpaka anapeza kakhadi kamene anakaika pongofuna kukometsera mzindawo. "Taona apa. Lolemba lililonse apolisi onse amakhala pampando, makina amawerenga m'mitu mwawo. Ndipo woyendetsa makinawo ndani? Doyle."

"Ndi liti limeneli unatiuza zimenezo?" anafunsa Tevita.

"Pano. Khala chete."

Tevita anatseka pakamwa ndi envelopu ija.

"Sabine wazindikira Lachitatu," anapitiriza Narelle, mawu akukwera. "Watsala ndi masiku asanu Doyle asanasuzumire m'mutu mwake n'kuona kuti akudziwa. Kujomba sangajombe, wojomba amamutenga ngati wolakwa. Ndiye azisudzo aja aganize Doyle patsamba 30, zilibe kanthu! Aganize ndithu! Funso silakuti wapha ndani. Funso n'lakuti mkaziyu afika Lachiwiri ali moyo?"

Anayenda ndi khomalo khadi ndi khadi, thukuta likutsika m'khosi. Makadi amene kwa zaka zitatu ankangodzaza malo anayamba kuluma. Doyle kum'perekeza Sabine kunyumba. Doyle kubwera ndi mphatso ya mwana wa Sabine. Ena anawamatula n'kuwaponya pansi osawayang'ananso, pamodzi ndi la mwana wodwala lija. Tevita anaiwala zokhala chete, anayamba kufuula mmene adzajambulire za m'galimoto, kamera osaichotsa pankhope ya Sabine ngakhale kamodzi.

Glenys si munthu wotengeka msanga. Anadikira onse atope, n'kufunsa funso limene limagwetsa alembi ambiri.

"Chabwino. Lolemba lafika, wakhala pampando. Ndiye?"

Narelle anaima. Pansi wina anali kumasula tayala, makina akulira. Narelle anaona bwinobwino kuti zonse wanenazi zithera pomwepa. Anayang'ana kakhadi ka makina kaja kwa nthawi.

"Mumzinda umenewu mawu a munthu si umboni," anatero. "Koma chimene makina awerenga ndi umboni. Ndiye masiku asanu aja Sabine sakubisa kanthu, akudzaza mutu wake. Akuyang'ana chilichonse cha Doyle, nsapato, makiyi, bala la padzanja. Lolemba Doyle amakhala yekha m'chipindamo, koma tsiku limenelo apeza woweruza atakhala kale pakona, woitanidwa ndi Sabine. Sabine akhala pampando, amuyang'ana m'maso, amuuza kuti, 'Yatsa.' Akakana wadziulula. Akayatsa wadzimanga ndi dzanja lake."

"Mayo ine!" anatero Tevita, n'kukhala pansi penipeni.

Glenys sananene kuti zili bwino, mawu amenewo sakhala m'kamwa mwake. Anayang'ana khoma kuyambira pamwamba mpaka pansi, kenako analoza lofiira lija.

"Anaganiza zolibweretsa apa ndani?"

Tevita anayang'ana kudenga. Narelle akanatha kunena kuti ndi iye, palibe akanamutsutsa.

"Tevita," anatero.

"Ine ndangomata," anatero Tevita mwamsanga. "Kumata kokha. Zinazi mwazimva nokha kumene zachokera."

Glenys anatulutsa foni m'chikwama n'kupita pawindo. Sanatsitse mawu, ndipo Narelle anadziwa kuti akuchitira dala. "Craig? Ndine Glenys. Za ulendo wa ku Melbourne zija, usavutike. Ayi, palibe chalakwika. Tapeza kuti mlembi tili naye."

Narelle anakhala pamphepete pa tebulo. Chimwemwe chinamukwera, chosakanikirana ndi kulira, ndipo anaseka mokweza mpaka anadzigwira pakamwa.

Glenys anabweza foni m'chikwama, anatsitsa magalasi pamaso. "Theka lonse lachiwiri likufunika kulembedwa mwatsopano. Masamba makumi asanu, mwezi uno usanathe."

"Ndilemba ine?" anafunsa Narelle. Yankho ankalidziwa, koma anafuna kulimva ndi makutu ake.

Glenys anali atafika kale pakhomo. Anatembenuka.

"Nanga ndani?"