Kadiso Kobisika mu Imelo

Nditachoka kwa bambo a mwana wanga, ndinanyamula mwanayo, zovala pang'ono ndi foni basi. Ndinapeza ntchito yosita zovala m'tauni ina yakutali, ndipo kupatula mchemwali wanga, palibe amene ankadziwa kumene ndinali.

Patatha mwezi, bambowo ananditumizira imelo. Sanatukwane. Anangoikamo chithunzi cha malemu amayi anga, chimene ndinachisiya pakhoma tsiku lothawa lija. M'mawa uliwonse ndikatha kupemphera ndinkatsegula imeloyo, n'kuyang'ana nkhope ya amayi, kenako n'kudzutsa mwana.

Lachitatu lina kunabwera imelo ina ya bambowo: "Lero wachedwa kudzuka. Dzulo unatsegula 5 koloko." Lachisanu anatchula dzina la tauni imene ndinali. Tsiku limenelo ndinawotcha kolala ya shati yoyera ya eni ake.

Pafupi ndi ntchito yathu pali kachipinda ka mayi wina wokonza mafoni. Onse timawatcha aNabatire. Sitinkadziwana kwenikweni, koma mvula ikayamba ndi iwo amene ankathamanga kudzatianulira zovala. Masana ndinalowa m'kachipindako.

"A kusita, nkhopeyo bwanji? Mwameza simbi?"

Ndinangowapatsa foni. Atawerenga, kuseka kunathera pomwepo. Anachotsa mawaya pampando kuti ndikhale, n'kukankha chitseko ndi phazi. Ndinawafotokozera zonse.

"Kodi ndi ufiti?" ndinafunsa.

"Ufiti wake uti? Mfiti imakhetsako thukuta. Awa angokhala pampando."

Anatsegula imeloyo pakompyuta yawo mwa njira ina, moti m'malo mwa chithunzi panaoneka mizere ya zilembo yothithikana. Analoza mzere umodzi ndi kasikuludalaiva.

"Muno muli zithunzi ziwiri. Ichi ndi cha amayi anu. Chinachi n'kadontho kochepa kuposa kamchenga, kopanda mtundu, maso sangakaone. Kadonthoko kamakhala pakompyuta ina. Mukatsegula imelo, foni yanu imapita kukakatenga, ndiye kumeneko kumalembedwa kuti wabwera nthawi yakuti, kuchokera dera lakuti."

"Ndiye kuti ndimadziulula ndekha m'mawa uliwonse?"

"Yamiseche ndi foniyi. Inu mumangoona amayi anu."

Ndinafunsa chimene ndinkachiopa. "Nyumba akuidziwa?"

"Kadontho kameneka kamalozera dera, sikafika pakhomo. Koma tisakapatsenso mpata."

Anasintha foniyo kuti isamatenge yokha zithunzi za mu imelo, izidikira kaye kuti ndivomere. Anaikanso kapulogalamu kotsekereza tizondi ta pamasamba a intaneti, n'kundionetsa pomwe kamasonyeza timene katsekereza. Tsamba la nyimbo zakwaya limene ndimakonda linali ndi tizondi tisanu ndi tiwiri.

"Ngakhale akwaya?"

"Akwaya sadziwa, achemwali. Ndi otsatsa malonda amene amakwera nawo basi osaitanidwa. Koma ngati bambowo atumiza linki yotsegulira tsamba lina, musakhudze, ngakhale alembe kuti nyumba yapsa. Ndipo maimelo awowa musafufute. Mukawaonetse kupolisi, mupite ndi mchemwali wanuyo."

Ndinavomera, koma mtima unali pa chinthu china. Ndinkaganiza za m'mawa wotsatira, nditanena Ameni, popanda nkhope yoti ndiyang'ane. Ndinathokoza n'kubwerera kukasita.

Chakumadzulo, ndikupinda mashiti omaliza, aNabatire anasuzumira pakhomo. Anaika envulopu pamwamba pa zovalazo.

"Izi sizifuna batire," anatero, n'kumapita.

Munali chithunzi cha amayi chosindikizidwa papepala lolimba. Anali atachikutira ndi pulasitiki kuti nthunzi ya simbi isachiwononge.

Kupolisi tinapita Lolemba. Kwa milungu itatu bambowo sanalembe chilichonse. Kenako kunabwera imelo imodzi, ndipo mutu wake unaoneka ndisanaitsegule: "Bwanji sukutsegulanso? Wasamukira kuti?"

Ndinaika foni pansi. Mwana anali akadagona, mwendo umodzi uli kunja kwa bulangeti. Amayi anali pakhoma, pamwamba pa tebulo. Ndinagwada, ndipo pamayina amene ndimatchula m'mawa ndinawonjezerapo limodzi. Dzina lawo lenileni sindinkalidziwa, choncho ndinangoti aNabatire. Ndikhulupirira Mulungu anawazindikira.