Chikole Chogwa M'mitambo

Jailos, makaniko wa mathirakitala pa famu ina ku Shimabala, pafupi ndi tauni ya Kafue, anali munthu wabwino, kungoti pakamwa pake panalibe chitseko. Bwana wake, mzungu amene antchito ankamutcha Chimphuno, atagula kandege ka mipando iwiri, Kafue yense anamva kuti Jailos naye "amayendetsa ndeke". Chikhalirecho iye ankangopukuta mafuta n'kukwera kumbuyo.

Ndiye mtima wake unagwa pa Olipa, mwana wa a Nedson a ku komboni ya njanji. Vuto linali Lemmy, kalaliki wa pasiteshoni, amene ankazungulirazungulira pakhomo pomwepo ndi njinga yake. Anthu chikole amapereka pamanja, mwakachetechete, koma Jailos anafuna kumuthetsa mankhalu Lemmy.

"Olipa, pa Chiwelu uimilile panja," anatero Jailos. "Chitenje chija unakonda kwa Mmwenye chizachokela kumwamba."

"Ba Jailos, simungabwelese chabe na manja?"

"Manja ni ya anthu a manjinga."

Loweruka kunacha ndi mitambo yothinana, mapiri osaoneka n'komwe. Chimphuno anasangalala zedi, pakuti ankaphunzira kuuluka osadalira maso, kungotsata timivi ta pa timawotchi ta kutsogolo kwake. Atamva za chikole anaseka mpaka mphuno kufiira, n'kulonjeza kuti timivito tiwafikitsa pamwamba pa komboni ndendende.

Atalowa m'mitambo, dziko linasowa. Kunja kunali mbuu, ngati munthu wavala thumba la ufa kumutu. Jailos anachita mantha osanamizira. Thupi linamuuza kuti ndege yapendekeka.

"Bwana, tagwa!"

"Thupi limanama, Jailos. Khulupirira muvi."

Jailos anakhulupirira, nanga akanatani? Chimphuno anayang'ana wotchi, nayang'ana muvi, n'kukuwa kuti, "Tsopano!" Jailos anakankha kawindo, naponya chitenje m'chifungamo.

Tisawanamizire timivi taeni, pa komboni anafikadi. Kungoti muvi sudziwa kuti nyumba za njanji n'zofanana ngati mazira, ndiponso mphepo sinauzidwe za ukwati.

Madzulo Jailos anavala jekete, napita kukalandira ulemu wake. Nthungululu anazimva ali kutali, mapewa n'kukwera. Koma atayandikira anaona kuti zikuchokera ku mzere wolakwika wa nyumba. Pakati pa gulu ankavina Emelia, mayi wamasiye wogulitsa zitumbuwa pasiteshoni, amene kwa nthawi yaitali ankamuikira Jailos basera yosapempha. Chitenje chija chinali m'chiuno mwake, chitamukhala bwino lomwe.

"Ba Jailos, kansi manyazi yanu yafika so?" anatero Emelia. "Mpaka kukwela ndeke! Navomela."

Alongo ake a Emelia, zimphona zonyamula zitsulo za njanji, anali atayala kale mipando. Komboni yonse inali itaona chikole chikutera pa denga lawo. Munthu angayambire pati kufotokoza za mphepo?

Jailos anapempha kuti apite kaye kuseri, n'kuthamangira kwa a Nedson. Anapeza njinga ya Lemmy itatsamira khoma, mwini wake ali pampando, Olipa atamanga duku latsopano, chikole cha Lemmy.

"Olipa, imvela, ni mphepo..."

Olipa anatembenuka thupi lonse, pakuti khosi linali litauma ndi kuyang'ana kumwamba kuyambira m'mawa.

"Ninakuyembekezani, ba Jailos," anatero. "Nyumba yathu ili na chitseko."