Kadontho Kofiira pa Khoma la Holo

A Dokotala Albert Namakhwa anabwera ku Machinjiri chaka chatha kudzafufuza mmene anthu amadalirirana. Ndi mphunzitsi wa za chikhalidwe cha anthu pa yunivesite ina, munthu woti ngakhale dzuwa liswe mtengo, jekete savula. Funso lawo linali limodzi, ndipo ankayenda nalo khomo ndi khomo ngati wogulitsa mankhwala a makoswe: "Mukagwa m'mavuto, mumathamangira kwa yani?"

Amene anawatsegulira makomowo ndi Mayi Regina, mayi wamasiye woweta abakha wa kumunsi kwa chigayo. Pakadapanda iwo, adokotala akadalumidwa ndi agalu tsiku loyamba lomwe. Mayi Regina ndi aja amayamba kufika pa maliro, aja amaperekeza oyembekezera kuchipatala, aja pakhomo pawo pamadzaza ana a eni makolo akapita ku geni. Makolo awo anachoka ku Milanje, kutsidya kwa malire, kalekale, mwana mmodzi yekhayo amene mayiwa anabereka anatsogola, choncho abale amene anali nawo padziko ndi anthu a mzere wa nyumba umene ankakhala basi. Funso litawafika, anatchula Thandie woyandikana naye, make Grace, a Kondie ndi akazi awo, anapitiriza mpaka adokotala dzanja linawawa.

Koma enawo! Munthu wa ku Machinjiri ukamuimika pamaso pa dokotala wa jekete, sangavomere kuti amathamangira kwa mayi woweta abakha. Wina anatchula khansala, yemwe anangomuonapo pa chithunzi cha kampeni. Wina anatchula abusa, wina mwini golosale wa kumsewu. Thandie, amene amapala moto kwa Mayi Regina mmawa uliwonse, anatchula mlamu wake wa ku Joni, munthu woti foni sayankha.

Mwezi wathawu adokotala anabweranso. Kafukufuku anali atatha, ndipo pepala lawo linali litalandiridwa ku msonkhano waukulu wa akatswiri kunja kwa dziko. Koma amene anathandiza ntchitoyo ndi ndalama analamula kuti eni ake ayambe amva zotsatira. Ndiye adokotala anabwereka holo ya tchalitchi, naitana abwana awo, a Pulofesa Salehe, kuti adzakhale mlendo wolemekezeka. Wosesa holo, wokonza mabenchi, womema anthu, anali Mayi Regina omwewo. Pa tsikulo anavala chitenje chimene amasungira Khirisimasi, nakhala kutsogolo kwenikweni. Mumtima munali chimwemwe chokhachokha, poti lero anthu onse aona pakhoma kuti iwo sali okha.

Makina oonetsera zithunzi atayaka, pakhoma panaoneka timadontho tambirimbiri, tolumikizana ndi mivi.

"Kadontho kalikonse ndi munthu," anatero adokotala. "Muvi ukuloza kumene munthuyo amathamangira. Koma musade nkhawa. Pa malamulo athu a risechi, dzina la munthu sititchula. Zonse ndi chinsinsi."

Anayankhula nthawi yaitali, Chizungu chikusefukira. Anati netiweki, anati mekanizimu, anatchula azungu angapo omwe anafa kale. A Pulofesa ankagwedeza mutu. Amayi a kumbuyo ankagwedezanso, koma awo anali a tulo.

Kenaka adokotala analoza kadontho kofiira kamene kanali pakona.

"Tsopano apa ndiye pali nkhani, ndipo anzathu akunja aikonda kwambiri. Taonani mivi ya munthu uyu. Yonse ikuchoka kwa iye kupita kwa ena. Yobwerera? Ziro! Iye anatchula pafupifupi aliyense, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anamutchula iyeyo."

"Kesi yosowa imeneyo," anatero a Pulofesa, tulo tonse titabalalika.

"Dzina tabisa, tingowatcha Mayi Patience," anapitiriza adokotala. "Ndi mayi wamasiye, amuna awo anali alonda ku Makata, amaweta abakha, ndipo amakhala kumunsi kwa chigayo."

Kubisa kwa anthu ophunzira ndi kumeneko, ngati mwana wobisala kuseri kwa chitseko mapazi ali poyera. Ku Machinjiri konse, mayi wamasiye woweta abakha kumunsi kwa chigayo alipo angati? Thandie anayamba kuyang'ana zala za kumapazi kwake. A Kondie anatsokomola chifuwa chimene analibe. Mayi Regina anacheuka pang'onopang'ono, kuyang'ana benchi ndi benchi, ndipo diso lililonse limene analipeza linathawa. Zinawapweteka mayiwa, kupweteka kwake koposa tsiku limene anaika amuna awo, chifukwa tsiku limenelo ankayesa kuti atsala ndi anthu.

Itakwana nthawi ya mafunso, bambo wina anafunsa ngati kukhale masatifiketi. Atayankhidwa, Mayi Regina anaimirira, nakonza chitenje chawo.

"Adokotala, ndifunse nawo. Mayi Patience ameneyo, mwati palibe anam'tchula? Ngakhale woyandikana naye nyumba?"

"Palibe ndi mmodzi yemwe, mayi. Tinacheka mobwereza. Kompyuta sinama."

"Ndiye mivi yakeyo ifufuteni. Wasintha maganizo."

Adokotala anaseka mwaulemu. "Sizingatheke mayi, deta tinatseka kale, pepala linapita. Komanso simungam'yankhulire munthu amene simukum'dziwa." Ponena izi anawatsinzinira diso, kuwatsimikizira kuti chinsinsi chawo chili m'manja abwino.

Thandie anakoka chitenje cha Mayi Regina. "Amayi, inetu ndimayesa akufuna anthu akuluakulu, mabigi. Inuyo ndinu a pakhomo, ndimaona ngati simukuwerengedwa."

"Wanena zoona mwanawe," anayankha Mayi Regina. "Sindikuwerengedwa."

Anatola kachikwama kawo nayamba ulendo wa kukhomo. Holoyo ndi yaitali, ndipo miyendo yawo si ya chitsikana. Anayenda pang'onopang'ono pakati pa mabenchi amene anakonza okha, khutu lili tcheru kuti mwina amva mapazi a wina akuwatsata.

Thandie anadzuka ndithu, make Grace nayenso anadzuka. Koma nthawi yomweyo pakhomo la kumbali panalowa makatoni a chakudya, mpunga wa nkhuku ndi zakumwa zozizira, ndipo wogawa analengeza kuti alandira ndi okhawo amene akhala pansi. Awiriwo anayang'anizana. Anakhalanso, akuti angolandira kaye, amayiwo akawapeza kunyumba.

Adokotala anasuzumira pazenera. Mayi Regina anali akutsetsereka njira ya kuchigayo, padzuwa, osacheuka. Nkhope ya adokotala inawala, ndipo anakodola abwana awo.

"A Pulofesa, tabwerani mudzaone. Akupita okhaokha! Ndendende mmene tapezera."