Manja Ogwira Nsalu

A Morrison Thanthwe anali atatopa zenizeni. Masiku atatu anakhala akufukula makatoni m'kachipinda kakuseri kwa nyumba yawo ku Waverley, m'tauni ya Kadoma ku Zimbabwe, msana ukuwawa, fumbi lili tho m'mphuno, koma chimene ankafuna osachipeza. Ankafuna chithunzi chimodzi chokha cha malemu akazi awo, a Eness. Clever, mmisiri wosema miyala ya pamanda ku Chegutu, anali atanena mosapita m'mbali kuti chithunzicho chifike Lachisanu, apo ayi mwala ukaima wopanda nkhope pa tsiku lovundukula chiliza.

Tangoganizani, inu, munthu wojambula zithunzi zaka makumi anayi! Kadoma yense anali m'makatoni amenewo: akwati, makanda, anyamata a kumigodi atatchena masuti obwereka, alimi a thonje a ku Sanyati atagwira njinga zatsopano. Ngakhale agalu a eni ake analimo. Koma mayi amene anagona naye nyumba imodzi zaka zonsezo munalibe.

Sikuti a Eness ankatsala pakhomo ayi. Kulikonse kumene a Thanthwe ankapita ndi kamera, iwo anali pambuyo ndi nsalu yabuluu imene bambo a mayiwo anaibweretsa kalekale kuchokera ku fakitale ya nsalu ku Chegutu. Ntchito yawo inali yoitambasula kumbuyo kwa anthu ojambulidwa, nsonga imodzi atamangirira pamtengo kapena pazenera, inayo atagwira okha, kuti ibise zimbudzi, mipanda yothyoka ndi zovala za pachingwe. Ndiye a Thanthwe anali ndi lamulo lawo limene ankalilalikira ngati mbusa.

"Chithunzi chimathera m'diso," ankatero. "Chimene sukuchifuna, usachilowetse m'kamera. Sizasi ndi ya telala."

Ndipo ankachitadi. Ankasuntha phazi, kuwerama, kudikira, mpaka m'galasi mutatsala zokhazo zimene akufuna. Pa ntchito imeneyi panalibe wowaposa, tisawanamizire. N'chifukwa chake m'zithunzi zikwizikwi zija simunalowe ngakhale chala cha a Eness.

Nawonso mayiwo anali ndi kakhalidwe kawo. Adzukulu akawalozetsa foni, ankadziphimba kumaso ndi mpango. "Tandisiyeni inu, amuna anga ndi wojambula. Adzandijambula okha." Amunawo ankavomera, koma tsiku lililonse linali ndi vuto lake. Lero dzuwa lakwera kwambiri, mawa kuli mitambo, mkuja filimu ndi ya makasitomala. Kenaka chaka chatha, m'nyengo yozizira, chifuwa chinawagwira a Eness, ndipo sabata ziwiri sizinakwane. Chinatsala ndi kachithunzi ka pachitupa, kamtsikana kofwifwa kosaoneka maso, kamene Clever anangokayang'ana n'kupukusa mutu.

Lachinayi m'mawa a Thanthwe anakwera kombi, minibasi ya ku Chegutu. Anakhala pampando wakumbuyo, mawondo atapanikizika ndi thumba la chimanga la munthu wina, mtima uli zii. Ankadziwa kumene akupita, ndipo sankakufuna. Ku Chegutu kunali Shylet, mwana wawo wamkazi, nayenso wojambula.

Awiriwa anayambana zaka zitatu zapitazo pa ukwati wina konko. Shylet ankajambula motambalala, chilichonse chilowe, kenaka n'kukadula bwino pa laputopu. Bambo ake ataona zimenezo anapsa mtima, nalankhula pamaso pa anthu kuti uku si kujambula, uku ndi kusesa pabwalo. Mwanayo anangolongedza zake, ndipo mwezi wotsatira anatsegula kasitudiyo kakekake pafupi ndi msika. Kuyambira pamenepo ankapatsana moni, pamaliro analira limodzi, koma nkhani ya kamera sankaitchula.

Anamupeza akupukuta galasi la kamera. Masiku onse Shylet ankawayankha bambo ake m'Chishona, monga amachitira ana a masiku ano, koma atawaona mmene analowera, mapewa ali olefuka, anayamba yekha Chichewa.

"Baba, khalani pansi. Mwadya?"

"Sindinabwerere sadza." Anakhala pa benchi, chipewa chili pamawondo. "Ndafufuza monse. Amayi ako mulibe."

"Ndinadziwa kuti simuwapeza."

"Zako zija," anatero akuyang'ana pansi, "zimene umadula zija. Zodulidwazo zimapita kuti?"

"Sizipita kulikonse, Baba. Chithunzi chonse chimakhalapo. Ndimangobisa m'mphepete."

"Nanga za ukwati uja?"

Shylet anawayang'ana. Akanafuna kubwezera, mpata unali umenewu, ndipo bambo ake anali okonzeka kumeza chilichonse. Koma anangokoka laputopu n'kuyamba kufufuza. Anati chiyambire maliro sanalimbe mtima kutsegula zithunzi za tsiku limenelo, chifukwa n'zimene zinawayambanitsa.

Chithunzi chinatuluka: mkwati ndi mkwatibwi, kumbuyo kwawo nsalu yabuluu ili tambalale. Chinali chaudongo, moti a Thanthwe sakanachitsutsa. Shylet anadina penapake, ndipo m'mphepete monse munatseguka. Munalowa nkhuku, ndowa ziwiri, mwana akulira, tayala la galimoto. Kumanja kunaoneka msana wa mwamuna wa jekete lotuwa atawerama pa kamera. Kumanzere, kumapeto kwenikweni, kunali a Eness.

Mayo ine! A Thanthwe anagwira m'mphepete mwa tebulo.

Mayiwo anali atakweza manja onse awiri pamwamba pa mutu, zala zitakanirira nsonga ya nsalu, mitsempha ili tolotolo m'mikono. Thukuta linali litanyowetsa mpango. Nkhope inasuzumira kumbali kwa nsaluyo, yotopa, milomo atailuma, koma maso akuseka. Sankayang'ana akwati. Ankayang'ana mwamuna wa jekete lotuwa uja, monga munthu amene akuti, fulumirani bambo inu, manja andiwawa.

"Tatsitsa pang'ono," anatero a Thanthwe. "Apo, kumapazi. N'chiyani chimenecho?"

"Njerwa."

"Anakwera pa njerwa?"

"Nthawi zonse, Baba. Amayi anali aafupi, nsalu sinkafika pamene inu munkafuna. Tikangofika pamalo, iwo ankayamba kufunafuna njerwa kapena mwala. Simunkadziwa?"

Sankadziwa. Zaka makumi anayi akukuwa kuti kwezani, kwezaninso, nsalu yakwinyika uko, diso lili m'kamera, osaona kuti munthuyo waima pa chiyani. Manyazi anawagwira, chisoni n'kubwera pamwamba pake, ndipo analira poyera ngati mwana, osabisa nkhope. Shylet anatseka chitseko kuti anthu a pamsika asaone, nayenso akupukuta m'maso ndi mkono.

Atatonthola, mwanayo anakokera mpando pafupi. "Clever akufuna nkhope yokha, yolowa m'kambale kozungulira komata pa mwala. Tiyenera kudula. Ndidule pati?"

Funso limenelo a Thanthwe anali asanafunsidwepo chibadwire. Pa laputopu panaoneka kabokosi ka mizere yoyera. Anatambasula chala n'kuyamba kuloza, Shylet akutsatira. Nkhuku inachoka. Ndowa zinachoka. Akwati, eni ake a tsikulo, anachoka onse awiri. Atafika pa mwamuna wa jekete lotuwa, Shylet anazengereza.

"Ameneyo mchotse msanga," anatero bambo ake. "Waonekera mokwanira."

Kabokosi kanapitiriza kuchepa mpaka kanazinga nkhope yokha, kuyambira pachibwano kulekeza pa mpango. Inali nkhope yabwino ndithu, yoti aliyense wa ku Waverley akanaizindikira ali patali.

"Apa ndiye pabwino," anatero Shylet. "Ndisindikize?"

"Ayi. Kweza mzere wapamwambawo. Manja alowe."

"Baba, manja akalowa nkhope ichepa. Ndiponso anthu adzadabwa, munthu pamanda atakweza manja, atagwira nsalu. Clever adzakana."

"Akane, ndikalankhula naye ndekha." Anapuma mozama, mawu akutuluka pang'onopang'ono. "Ine ndinkanyada kuti sindinagwirepo sizasi. Koma amayi ako ndinawadula tsiku lililonse, iwo ataima pomwepo. Lero sindiwadulanso manja."

Shylet anagwira mzere uja n'kuukweza pang'onopang'ono, kudutsa mpango, kudutsa zigongono, mpaka zala zonse khumi zinalowa pamodzi ndi kansonga ka nsalu yabuluu.