Geti la Kumbuyo

Mthunzi analiza hutala kachiwiri. Anali atatopa ndi mzere wa galimoto wa pa Ngong Road, ndiye apa pageti la nyumba zawo ku Kilimani, m'dziko la eni lino, panaima mkulu wina wa njinga, akulimbana ndi mlonda. Ankangomuonera kumsana: jekete lotuwa, chipewa chofika m'makutu, buluku atalipisira m'sokosi.

Lamulo linali lomveka, ndipo amene analibweretsa kumsonkhano wa anthu okhala m'nyumbazo anali Mthunzi yemweyo, katundu atayamba kusowa m'makonde. Aliyense wobwera wapansi kapena panjinga azilowera geti laling'ono la kumbuyo, kumene kumakhala mabini a zinyalala, ndipo azisonyeza chiphaso. Anzake anamuombera m'manja tsiku limenelo, iye n'kumadzimva ngati nduna.

Ali chiimire choncho, Thomas, mzungu wa m'nyumba yapamwamba, anatulukira panjinga yake thukuta lili kamukamu. Mlonda anamuchitira sawatcha, n'kumutsegulira geti lalikulu osafunsa kanthu. Mkulu uja analoza mzunguyo, kenako n'kudziloza yekha.

Mthunzi anatsitsa galasi. Anauza mlondayo m'Chingerezi, mokweza kuti onse amve, kuti amuchotse munthuyo panjira, obweretsa katundu ali ndi geti lawo kumbuyo.

Mkulu uja anatembenuka pang'onopang'ono n'kuvula chipewa.

Kalanga ine! Anali a Edmond, apongozi ake enieni, bambo a mkazi wake Vailet. Anabwera kuchokera ku Dedza sabata yathayo kudzaona mdzukulu wobadwa kumene. Munthu woti moyo wake wonse wauphunzitsi ankapalasa njinga, sakanatha kumangokhala pampando, choncho madzulo alionse ankatenga njinga ya Vailet n'kukazungulira ku Hurlingham.

Manyazi amene anamugwira Mthunzi sanawaonepo chibadwire. Mkamwini amene kumudzi amapatukira kutchire akaona apongozi akubwera, lero wawalizira hutala ngati mbuzi za pamsewu. Anatuluka m'galimoto, nayamba kukalipira mlonda kuti bwanji sakudziwa alendo a m'nyumba. Mlondayo anangoyankha mofatsa kuti akutsata zimene bwana ananena okha.

"Musam'vutitse mwanayu," anatero a Edmond. "Ine ndimangofunsa kuti njinga ya mnzathu uja ili ndi chiyani chimene yangayi ilibe. Matayala ndaona ndi awiri omwewo."

Mthunzi anawapempha kuti alowe pomwepo, geti linali lotsegula kale. Iwo anakana. Anati lamulo likaikidwa ndi mwini nyumba, mlendo salithyola. Anavala chipewa chawo n'kuyamba kukankha njinga motsatira mpanda.

Akanatani Mthunzi? Galimoto anaisiya pambali n'kuwatsatira wapansi. Kanjira kake sanakapondepo n'kale lonse. Kanali kamatope, madzi onunkha ochokera m'mabini akuyenderera, ndipo anapezana ndi amayi awiri ochapa m'nyumbazo atanyamula nsapato m'manja. Apongozi ake ankalambalala zithaphwi mosayang'ana n'komwe pansi, ndipo apa m'pamene Mthunzi anazindikira kuti akhala akudutsa muno sabata yonse osauza munthu.

Mlonda wa kumbuyo atawaona anamwetulira. "Karibu, mzee," anatero powalandira m'chinenero cha kuno, n'kuwagwirira njinga kuti ikwere pachitsitso. Kenako anatambasula dzanja kutsekereza Mthunzi. Nkhope yakeyo sankaidziwa, poti bwana amangodutsa kutsogolo magalasi atakweza. Anamuuza kuti asonyeze chiphaso ndipo anene nyumba imene akupita.

Mthunzi anapapasa m'matumba. Chikwama chinali chitatsala m'galimoto. Amayi awiri aja anaima kumbuyo kwake kudikira kuti adutse.

A Edmond anacheuka, namuyang'ana kanthawi.

"Muloleni alowe," anauza mlondayo. "Ndi mkamwini wanga ameneyu. Kungoti mbali ino ndi mlendo."