Mafunso pa Khonde la Apongozi

Ku Nkhulambe kunalibe munthu wokonda kuyankhira anzake ngati a Laston. Mlendo akafunsa mkazi wawo Eveles kuti wadzuka bwanji, iwo ndi amene ankati, "Adzuka bwino." Ngakhale kuchipatala ku Boma, dokotala atafunsa Eveles pomwe pankapweteka, a Laston analoza pamimba pawo iwowo. Eveles ankangomeza mawu, koma mumtima zinkamuwawa kwabasi.

Chisankho cha 1999 chitayandikira, pakhomopo panafika mtsikana wa ku Rumphi, dzina lake Chawezi, fumbi lili mbuu kumapazi. Anati watumidwa ndi anthu ofufuza maganizo, amene amafunsa mafunso omwewo m'maiko ambiri: za chuma, za ndale ndi zimene zikuwasowetsa anthu mtendere.

A Laston anakoka mpando, nakonza kukhosi.

"Pepani bambo," anatero Chawezi. "Khomo lapitalo ndacheza ndi abambo, ndiye pano ndikufuna amayi. Lamulo la ntchito yathu ndi limenelo."

"Funsani, ali pompano. Ine ndingowathandiza."

Chawezi anatembenukira kwa Eveles. "Mayi, moyo wanu chaka chino mukaufanizira ndi chaka chatha, uli bwanji?"

"Tikuona bwino," anayankha a Laston.

Chawezi anayamba kutseka chikwama chake. Anati ngati amayi sangayankhe okha, apita khomo lina. Chibadwire, palibe amene anayendapo mtunda kudzamva zimene Eveles akuganiza, ndipo mwayi womwewo unali kunyamuka iye akuona.

Eveles anaimirira. "Achemwali, pano dzuwa latentha. Tiyeni tikakhale pamthunzi kwa amayi."

A Laston anali mkamwini pamudzipo, ndipo mkamwini waulemu sakhala mphasa imodzi ndi apongozi ake aakazi. Akawaona panjira amapatukira m'tchire, ngakhale muli chitedze. A Belita, mayi a Eveles, anali pakhonde pawo akusenda nandolo, ndipo makutu anali atawathawa kalekale. A Laston anatsatira mpaka pa nkhokwe, n'kuima pomwepo ngati mbuzi yothera chingwe. Anayamba kukonza denga la nkhokwe lomwe linalibe vuto lililonse.

Funso lija litabwerezedwa, Eveles anayamba pang'onopang'ono, kenaka anamasuka. Ananena kuti feteleza wakwera moti chimanga chikutha mvula isanagwe. Ananena za ogula nandolo amene sikelo zawo zimanama. Ananena za mlatho umene madzi anakokolola, ana n'kumajomba kusukulu dzinja lonse. Anayamikiranso kuti masiku ano munthu ukhoza kudandaula osayang'ana kumbuyo. Atafunsidwa amene angamuvotere, anatchula dzina losiyana ndi limene a Laston ankaliimbira nyimbo pamisonkhano.

"Kodi zimenezi zikafika kuti?" anafunsa Eveles.

"Zikaphatikizidwa ndi za ena onse, popanda dzina lanu. Yankho lanu ndi la bwana wa mu ofesi n'zolemera chimodzimodzi."

Eveles anaseka mpaka misozi, a Belita n'kusekanso osadziwa choseketsacho.

Chawezi atatsanzika, a Laston anamudikira mkazi wawo panjira.

"Mayi a Madalo, mwawauza kuti tikuona bwino?"

"Ayi."

"Nanga mwati tivotera ndani?"

"Inu sanakufunseni, bambo a Madalo. Ine ndayankha zanga."

A Laston anayenda pambuyo pake mpaka kunyumba, akukanda m'mutu. Eveles atakhala pansi, iwonso anakhala, nafunsa motsitsa mawu:

"Nanga inuyo, za dzikoli mukuziona bwanji?"

Eveles anawongola miyendo bwinobwino.

"Khalani bwino pampandopo, abambo," anatero. "Nkhani yake ndi yaitali."