Chibenthu cha Mphero

Kuti ndikaone manda a mwamuna wanga, ndinachita kulowa ngati mlendo wodzaona mvuu. Ine Mwanamvua, abiti Swadick, wogulitsa usipa pamsika wa Mangochi, amene mvuu zinkandidyera mpunga kudimba chaka ndi chaka, ati ndivale chipewa ndikaziyang'ane. Mpaka lero ndikaganiza zimenezi chakudya sichitsika.

Mudzi wathu unali pa Matete, m'mbali mwa Shire, kumunsi kwa tauni. Ndi kumene Che Ibrahimu anandikwatira, ndi kumenenso anamwalirira, ine ndili ndi pakati pa Zakia. Mwanayo ali wamng'ono kunabwera anthu a kampani ndi magalimoto awo, n'kunena kuti malo ano akhala a nyama ndi alendo. Anatisamutsa, anazunguliza waya, pageti anaikapo mlonda wa yunifomu. Ndinapitako kangapo kukapempha kuti ndilowe ndikazule udzu pamanda. Mlonda ankangoti, "Mayi, muno mumalowa alendo okha, njovu zingakupondeni." Njovu zodziwa kusiyanitsa mlendo ndi mwini mudzi, kaya anakaziphunzitsa sukulu yakuti.

Zakia anakula, anaphunzira, anapeza ntchito ya muofesi ku Lilongwe. Atapeza mwamuna, tsiku la ndowa, ukwati wathu wa Chisilamu, litayandikira, anandiimbira foni.

"Amayi, sindingalowe m'banja ndisanaime pamanda a bambo anga n'kuwawerengera dua, kuwapempherera. Nkhope yawo sindinaione, koma pamene agona ndipaone."

"Salola kulowa, mwanangu."

"Amalola alendo, eti? Basi tikhala alendo. Ndalipira kale malo."

Munthu wodziwa pomwe pali mandawo ndinatsala ine ndekha. Kwathu kuno Msilamu saikidwa m'simenti, salembedwa dzina. Timamukulunga m'sanda, amuna amanyamula jeneza, amamuika, amaunjika mtumbira, kumutu n'kuikako mwala kapena kamtengo, basi. Akazi timatsala kunyumba. Nditamaliza eda, masiku aja mkazi wamasiye amabindikira, mlamu wanga ananditenga kukandisonyeza. Panali pansi pa bwemba wamkulu, mbali yoyang'ana kumtsinje. Kamtengo kamene anazika kanali katadyedwa kale ndi chiswe, ndiye m'mawa mwake ndinabwerera nditasenza chibenthu cha mphero.

Mpheroyo ndi Che Ibrahimu yemwe anaiswa. Anakaigula kuphiri, n'kuimanga panjinga ndi luzi, munthu wa makani, ndikumuuza kuti luzi silingathe. Inagwera pakhomo penipeni n'kugawika pakati. Iye kumaseka, ati tsopano uli ndi mphero ziwiri, akazi anzako achita nsanje. Chibenthu chimodzi ndinachiika kumutu kwake. Chinzake ndinasamuka nacho, ndimanolerapo mpeni wanga wa nsomba. Mlamu uja anamwalira, okumba manda ena anamwalira, ena anapita ku Joni osabwerera. Koma ine mtima unali m'malo. Ndinkati bwemba ndi mwala sizisamuka.

Tinafika pagalimoto ya Zakia. Geti lomwe lija, koma ulendo uno mlonda anatsegula mothamanga n'kumenya sawatcha. Anatilandira manijala wa kampuyo, mtsikana wa ku Blantyre dzina lake Thandi, woseka bwino, waulemu, moti ungasowe pomudera. Anatipatsa tinsalu tozizira topukutira kumaso ndi madzi a zipatso. Anatilowetsa m'tenti yaikulu kuposa nyumba yanga, yokhala pamatabwa, bedi lake loti mungagonepo banja lonse. Kenako anatiuza malamulo: osayenda wekha, osayandikira madzi, ukaona njovu osathamanga. Ndinangoti zikomo. Madzi amenewo ndinkachapiramo matewera iye asanabadwe.

Nditatuluka panja ndinaima njo. Mudzi wonse anausandutsa kapinga, wosalala ngati mphasa, kuyambira kumatenti mpaka kugombe. Zulu za chiswe kunalibe, mango anga kunalibe. Ndinayang'ana kumene kunali bwemba, ndinangoona mtsinje.

"Ndi pati, Amayi?" anafunsa Zakia monong'ona.

"Dikira kaye, maso azolowere."

Masana anatikweza boti pamodzi ndi alendo ena, azungu ndi banja lina la ku Lilongwe. Woyendetsa anali bambo wa imvi zoyamba kumene, Jaffalie, ndipo malonje ake ndinamva kuti ndi wakwathu. Anazimitsa injini pomwe panali dooko lathu. Mvuu zinadzaza pamenepo, zina kuyasamula, alendo kumajambula, kumakuwa ndi chimwemwe ngati aona m'bale wawo wotayika. Ng'ona inali itagona pamchenga pomwe tinkayanika mbale. Kutsidya njovu zinatsikira kudzamwa, ndipo Zakia naye anatulutsa foni. Sindikumunena, njovu ndi yokongola ukakhala kuti sunadzale chimanga. Ine maso anali kumtunda, kuyesa kuchokera padooko kukafika pamanda. Koma gombe lomwelo linasintha, madzi a zaka zapitazi anadya mtunda, ndipo sindinadziwe poyambira.

Titatsika ndinamukokera pambali.

"Che Jaffalie, bwemba uja anali apa anapita kuti?"

Anandiyang'anitsitsa. "Ndinu a pa Matete, mayi?"

"Mwamuna wanga ali muno."

Anavula chipewa. Anati bwembayo anamudula pomanga, ati ankatchinga alendo kuona mtsinje, chitsa n'kuchizula ndi thalakitala. Za manda anati ndifunse adona, iye ndi wa boti chabe. Polankhula ankayang'ana nsapato zake.

Thandi atamva, nkhope inawala. "Aa, mayi, mukananena kale. Manda tinawasunga bwinobwino. Ife timalemekeza kwambiri anthu amene ankakhala kuno."

Anatitsogolera m'mawa mwake, mlonda wa mfuti ali patsogolo, mpaka kuseri kwa nyumba zochapira. Zakia anali atavala mpango woyera, atasamba kale udhu wake wokonzekera pemphero. Tinapeza kampanda kopaka penti, maluwa odzalidwa mozungulira, m'kati muli chiliza chimodzi chasimenti chokhala ndi mtanda.

Ndinaseka, koma kuseka kwake kunali kowawa. Anali manda a Eduardo, bambo wina wothawa nkhondo ku Mozambique amene tinamupatsa malo kumapeto kwa mudzi. Anali Mkhristu, ndiye anamuika payekha, ana ake atapeza bwino n'kudzamumangira chiliza. Munthu wabwino, ankatikonzera njinga. Koma mudzi wonse wa Asilamu, agogo ndi makanda, anatsala Eduardo yekha.

"Enawo ali kuti?" ndinafunsa.

"Ena ati, mayi? Oyeza malo anayenda ponseponse. Manda anapeza amodzi okhawa."

"Ankafunafuna chiyani?"

"Manda, mayi. Ziliza, mayina..."

"Ife sitilemba mayina. Mulungu safuna kuwerenga kuti adziwe munthu wake."

Thandi anati pepani kwambiri, iye anabwera kampu itamangidwa kale. Ndinamukhulupirira, ndipo ndi zomwe zinandipsetsa mtima kwambiri, chifukwa panalibe woti ndimutukwane.

Tsiku lonselo ndinalithera pakapinga. Thandi anatipatsa mlonda kuti aziyenda nafe. Ndinavula nsapato, ndinkaponda pang'onopang'ono, kumvetsera ndi mapazi ngati pali polimba. Mphero ndi yolemera, ndinkadziuza, inangomira m'dothi, thalakitala inadutsa pamwamba. Pena ndinkagwada n'kubaya ndi kamtengo. Alendo atagona pamipando yawo yaitali ankandiyang'ana, wina n'kufunsa mlonda ngati ndataya ndolo. Zakia ankanditsata pambuyo ndi botolo la madzi, mpango woyera uja uli kumutu.

"Amayi, mukukumbuka ndithu?"

"Ndikukumbuka. Mwalawo ukangopezeka, bambo ako apezeka. Mwala suyenda."

Dzuwa linandiwotcha mpaka mutu kuzungulira. Ndinapeza chibenthu cha mbale, msomali, ndi chitsekero cha botolo la mowa.

Tsiku lonyamuka kunacha ndi mvula. Tiyi ankamwera pabwalo, koma tsiku limenelo anasamutsira matebulo m'chisakasa cha bala. Chifikireni malo amenewo ndinkawalambalala. Ine ndi mowa sitidziwana, ndipo Che Ibrahimu ngakhale fungo lake ankalizemba, akaona woledzera ankawoloka msewu. Koma mvula inali yamphamvu, Zakia anandigwira dzanja, ndinalowa.

Mwala uja ndinauona ndisanakhale pansi. Unali pakauntala, pakati pa mabotolo. Anautsuka, anaupaka mafuta mpaka kunyezimira, m'chibowo chake chomwe ndinkaperamo mawere anadzazamo mtedza wokazinga. Mzungu wina wa kabudula anali atatsamira pomwepo, akutapa mtedzawo n'kumaponya m'kamwa.

Ndinapita n'kukhuthulira mtedza wonse pansi. Ndinayendetsa chala m'mphepete mothyoka muja. Mano ake ndimawadziwa, ndimawagwira tsiku lililonse kunyumba pa chinzake. Pakona panali pobenthuka pomwe unamenya mwala wapakhomo.

"Zakia, bwera. Mwala wa bambo ako uwu."

Mwanayo anamwetulira, abale. Anamwetulira n'kuugwira ndi manja awiri, misozi ili mbwee, akuti alhamdulillah, tawapeza. Ine ndinangomuyang'ana, kudikira kuti zimufike zokha. Ndinaona kumwetulira kuja kukuzima pang'onopang'ono. Anayang'ana pansi pa kauntala, pasimenti, kenako anayang'ana ine.

Thandi anabwera akuthamanga, anaitanitsa Jaffalie. Anafika atanyowa, chipewa chili m'manja. Iye anayamba ntchito pakampupo ngati waganyu, nthawi yomanga.

"Che Jaffalie, mwala uwu munautola pati?"

"Mayi, kapitawo anati titole miyala yonse thalakitala isanadutse. Tinkangoponya m'wilibala. Ina tinayala m'mbali mwa tinjira, ina inalowa m'maziko a khitchini. Uwu bwana woyamba anaukonda, anati ndi wamakedzana."

"Sindikufunsa za bwana. Ndikuti munautola pati."

"Inali yambiri, mayi."

"Inu Msilamu, mwana wa Msilamu. Miyala yoima m'mizere, yonse kuloza kumodzi, simunadziwe kuti ndi chiyani?"

"Ndinadziwa, mayi. Tonse aganyu tinadziwa. Panalibe anatifunsa, ifenso sitinanene. Ndinali ndi ana."

"Ndiye lozani."

Anatembenuka n'kuyang'ana panja. Kapinga yense anali chimodzimodzi, wobiriwira, mvula ikumugwera. Anakweza dzanja, linayenda uku, linayenda uko, kenako analitsitsa.

Thandi anali akulira, ndipo misozi yake inandinyansa. Anati mwalawo titenge, ndi wathu, salipiritsa chilichonse. Anati alankhula ndi eni kampani aike chikwangwani chokumbukira anthu a pa Matete, alendo aziwerenga. Anaitana wantchito kuti aukulunge bwino m'thawulo. Ndinati ayi, usaukhudzenso.

Zakia anaunyamula yekha, anaukumbatira pachifuwa n'kutuluka nawo pamvula. Ndinamutsata mpaka pomwe simenti imathera. Pamenepo ndinaima. Dzulo lake ndinali nditapondaponda ponsepo ndi mapazi anga, ndipo kaya tenti yathu ija inali pamutu pa yani. Mwina ndinagona pamwamba pa mwamuna wanga, pabedi la nsalu zoyera, n'kumadandaula kuti pilo wafewetsa.

Zakia anafika pakati pa kapinga, mpango utamatirira kumutu, n'kutembenuka.

"Amayi, ndiime pati?"

Mwana uyu chibadwireni sanandifunsepo kanthu ine n'kusowa yankho. Ndikanatha kuloza paliponse, akanakhulupirira, akanawerenga dua yake n'kukakwatiwa mtima uli mbee. Dzanja linafuna kukwera. Koma ndinaganiza zomuimika pamutu pa munthu wina, kapena padzala pomwe tinkataya mamba a nsomba, iye n'kumati bambo anga.

"Sindikudziwa, mwanangu."

Anaima pomwepo nthawi yaitali. Sanawerenge kanthu. Kumtsinje mvuu inalira, ndipo alendo anadzuka pamatebulo ndi mafoni awo kuthamangira kukhonde.

Ndowa inachitika, anthu anadya mpunga, anavina. Zakia za bambo ake sanazitchulenso, ndipo kwathu akabwera sayang'ana kuseri kwa chitseko. Ndi kumene ndinaika zibenthu ziwiri zija. Ndinazigunditsa, zinalumana bwinobwino, mpata wake ngakhale singano singalowe. Mphero ya Che Ibrahimu yakhalanso yathunthu, koma mwini wake sindidziwa pomwe ali.